Yankho kwa achimwene ofuna lenzi yojambulira zipinda ndi mapiri

Achimwene, mwafotokoza kuti muli ndi kamera ya Canon 700D imene inabwera ndi lenzi ya 18-55mm, kuti mwapeza ntchito yojambula zipinda za malo ogona alendo ku Nkhata Bay ndi nyumba zalendi kuno ku Mzuzu, komanso kuti mumalakalaka kujambula mapiri mukakwera ku Nyika. Tsono mukufunsa ngati mugule Samyang 14mm f/2.8 imene mnzanu akugulitsa, kapena muitanitse Canon EF-S 10-18mm. Ine ndikuti tengani ya 10-18mm, ndipo ndalama zotsala mugulire tripod yolimba, choimikirapo kamera cha miyendo itatu. Zifukwa zake ndi izi.

Nambala yolembedwa pa lenzi sigwira ntchito mofanana pa kamera iliyonse. Sensa ya 700D, kachipangizo kolandira chithunzi mkati mwa kamera, ndi yaing'ono poyerekeza ndi ya makamera a full frame monga 6D kapena 5D, amene sensa yawo ndi ya mamilimita 36 m'litali ndi 24 m'lifupi, choncho kuti mudziwe kukula kwa malo amene lenzi idzaone pa kamera yanuyo, muchulukitse nambala yake ndi 1.6. Ya 14mm ija idzaona ngati ya 22mm, ya 10mm idzaona ngati ya 16mm, pamene 18mm imene muli nayo kale imaona ngati 29mm. Kuti zimveke bwino, taganizani kuti mwaima pakhomo la chipinda ndipo khoma la kutsogolo lili pa mamita atatu. Pa 18mm chithunzi chidzatenga mamita pafupifupi 3.7 a khomalo, pa 14mm pafupifupi 4.8, ndipo pa 10mm pafupifupi 6.7. M'zipinda zambiri za ku Chibanja kapena ku Luwinga, mmene munthu ukabwerera m'mbuyo kawiri msana wagunda kale khoma, kusiyana kumeneku n'kumene kumachititsa kuti bedi, zenera ndi chitseko cha kubafa zilowe m'chithunzi chimodzi kapena zisalowe.

Samyang ija ndi lenzi yabwino, yoonetsa zinthu bwino lomwe, koma inapangidwira makamera a full frame, ndipo ili ndi khalidwe limodzi loipa pa ntchito ya m'nyumba: imapinda mizere yowongoka, mwakuti pamene khoma lakumana ndi siling'i pamaoneka potukumuka pakati ndi popindikira kwina kumapeto. Pa kamera yanu kupindako kumachepa chifukwa sensa imangotenga pakati, komabe mudzayenera kumakuwongola pa kompyuta chithunzi chilichonse. Kuwonjezera apo, ngati ili ya mtundu wakale umene wafala kwambiri, focus yake ndi yapamanja, ndipo galasi lake lakutsogolo ndi lotukumuka moti simungamangepo filter yozungulira ija. Ya 10-18mm, imene Canon inatulutsa mu 2014, imalandira filter ya 67mm, imalemera magalamu 240 okha, ndipo ili ndi IS yochepetsa kunjenjemera kwa manja. Thupi lake ndi la pulasitiki mpaka pomangira pomwe, motero siyofunika kuigwetsa, koma galasi lake silichititsa manyazi.

Ndikudziwa kuti chimene chakukopani ndi f/2.8, nambala yosonyeza kuti bowo lolowetsa kuwala la Samyang limatseguka kwambiri, popeza ambiri amanena kuti m'nyumba mumakhala mdima ndiye pamafunika lenzi yolowetsa kuwala kochuluka. Mawu amenewa ndi oona kwa wojambula ukwati m'tchalitchi, pamene anthu akuyenda ndi kuvina, koma chipinda sichithawa. Pojambula chipinda mumafuna kuti mpando uli pafupi ndi katani ili kutali zonse zioneke bwino, ndipo zimenezi zimatheka bowo lija litachepetsedwa kufika pa f/8 kapena f/11, ISO (mphamvu ya sensa yomvera kuwala) ili pa 100, kamera itakhazikika pa tripod kwa sekondi imodzi kapena awiri. Kunena kwina, mudzakhala mutagula f/2.8 n'kumaitseka tsiku ndi tsiku. Malo amodzi okha amene ndingakulimbikitseni kuifuna ndi usiku wa ku Chelinda ku Nyika, pamwamba pa mamita oposa 2,000, pamene nyenyezi zimachuluka ngati mchenga wa ku Chintheche. Ngati mtima wanu uli pamenepo, funani Tokina 11-16mm f/2.8, imene inapangidwira masensa aang'ono ngati anuwo, ngakhale kuti ndi yolemera ndipo imavutika dzuwa likaiwomba kumaso.

Tsopano ndinene chimene lenzi yokha singakuchitireni. Ntchito yanga yoyamba ya mtundu umenewu inali pa malo ena ogona alendo kunyanja, ndipo chifukwa cha chimwemwe cha lenzi yatsopano ndinajambula chipinda chilichonse pa 10mm, nditaimirira, kamera nditaiweramitsa pang'ono kuti matailosi aoneke. Nditafika kunyumba n'kutsegula zithunzi, makoma onse anali atapendekera kunja ngati nyumba ikugwa, bedi limene linali pakona linatalika ngati bwato la asodzi a usipa, ndipo neti ya udzudzu imene inalendewera pafupi ndi kamera inatenga gawo lalikulu la chithunzi kuposa zenera loyang'ana kunyanja limene mwini malo ankanyadira. Choipa kwambiri n'chakuti chipinda chaching'ono chinaoneka ngati holo, ndipo mwini malo anandiuza mwaulemu kuti safuna kukangana ndi alendo amene adzabwere akuyembekeza zimene palibe. Ndinabwereranso pa ndalama zanga.

Chimene ndinaphunzira ndi chakuti kamera iyenera kuima chilili, osayang'ana kumwamba kapena pansi, chifukwa kupendeketsa pang'ono pokha pa 10mm kumagwetsa makoma. Ikani tripod pa msinkhu wa pachifuwa kapena kutsikirapo, mwina mita imodzi ndi masentimita 20, yatsani mizere ya pa sikirini, ndipo yang'anitsitsani felemu la chitseko kuti likhale lofanana ndi m'mphepete mwa chithunzi. Akatswiri ojambula nyumba amagwiritsa ntchito malenzi a tilt-shift monga Canon TS-E 17mm, amene galasi lake limasunthika kamera ili chilili, pofuna kuthetsa vuto lomweli, koma mtengo wake si wa munthu amene akuyamba kumene. Masiku ano zipinda zambiri ndimazijambula pakati pa 12mm ndi 14mm, ndipo 10mm ndimaisungira bafa ndi khitchini, pamene palibiretu poima. Apa ndi pamene ubwino wa zoom, lenzi yosinthika kuchoka pa 10mm mpaka 18mm, umaonekera, chifukwa mumasankha nokha, chipinda ndi chipinda. Muzizimitsanso mababu ngati kuwala kwa pazenera kukukwanira, popeza kuwala kwachikasu kwa babu kukasakanikirana ndi kwa masana khoma limodzi limatuluka la mitundu iwiri.

Za mapiri, musayembekeze kuti lenzi yotambalala idzakupatsani zimene maso amaona mukaima pa msewu wa Golodi n'kuyang'ana ku Chitimba. Imakankhira kutali zinthu zakutali, moti mapiri amasanduka kamzere kakang'ono, ndipo theka la chithunzi limakhala thambo lopanda kanthu. Imagwira ntchito pamene pali chinthu pafupi kwambiri: thanthwe la ku Chikale ku Nkhata Bay madzi akuliwomba, duwa la pa Nyika m'miyezi ya mvula mutaligwadira pa mtunda wosakwana theka la mita, kapena mtengo wa m'mphepete mwa phompho pa mathithi a Manchewe ku Livingstonia. Mbidzi ndi nyama zina za ku Nyika muziiwale pa 10mm, chifukwa zidzaoneka ngati nyerere. Zimenezo, pamodzi ndi mizere ya mapiri a Viphya m'mamawa, zimafuna lenzi yokokera zinthu pafupi, monga 55-250mm. Mukagula polarizer, filter yochepetsa kunyezimira, dziwani kuti pa 10mm imadetsa mbali imodzi ya thambo n'kusiya ina yoyera, choncho ndi yothandiza kwambiri pa madzi ndi masamba onyowa kusiyana ndi pa thambo.

Mukaganiza zogula yogwiritsidwapo kale ntchito, kaya kuno kaya kudzera kwa abale a ku Johannesburg, chinthu choyamba kuyang'ana ndi chuku. Mzuzu ndi wachinyezi, ndipo lenzi ikagona m'chikwama chotseka miyezi ya mvula imamera tiulusi toyera mkati mwa galasi, tonga ukonde wa kangaude. Chotsani zotsekera zonse ziwiri, walitsani tochi ya foni kumbuyo, ndipo yang'anani chapambali. Fumbi lochepa lisakuopseni, koma mukaona tiulusi timeneto ibwezeni, ngakhale mtengo utatsika bwanji. Kenako imangeni pa kamera yanu, jambulani khoma la njerwa mutaliyang'ana mwachindunji pa f/8, ndipo onani ngati makona onse anayi akuoneka mofanana. Yanu mukaigula muziisunga m'bokosi lotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel toyamwa chinyezi.

Chenjezo limodzi lokha pa ya 10-18mm ndi lakuti malenzi a EF-S samangika pa 6D kapena 5D, motero ngati mukudziwa kuti chaka chino chisanathe mugula full frame, dikirani mudzagule 16-35mm f/4. Kwa anzathu a Nikon amene akuwerenga, yofanana nayo ndi AF-P DX 10-20mm, koma sigwirizana ndi makamera akale monga D3100, D3200, D5100 ndi D7000, ndiye fufuzani kaye musanalipire.

Ngati mungakonde kuiyesa musanatulutse ndalama, ndilembereni ku inbox tikumane ku Katoto Loweruka m'mawa. Mubwere ndi kamera yanu ndi memory card, mujambule chipinda chimodzi pa 10mm, 12mm ndi 14mm, kenako mukaziyerekeze nokha pa kompyuta kunyumba.