Yankho kwa msuweni pa za mnyamata ndi sukulu ya kompyuta

Eee msuweni, uthenga wako ndaumva. Ukufunsa kuti laputopu yomugulira mnyamatayo ikhale yotani. Zimenezo n'zosavuta: purosesa, ubongo wake wa kompyuta, ikhale Core i5, RAM, memori yogwirira ntchito, ya 8GB, posungira mafayilo ikhale ndi SSD osati hard disk yakale ija, 256GB ikukwana. Ngati ndi yogwiritsidwapo kale ntchito, uizule kumagetsi uone ngati batire ikutha ola limodzi. Basi. Koma iwe ndimakudziwa, kuyambira kwa agogo kuja sunafunsepo chinthu molunjika. Chakusowetsa tulo si laputopu ayi.

Ukukumbukira kompyuta ya amalume a ku Chibavi? Ija ya pashopu yawo yotayipira makalata. Inkangozima yokha ikagwira ntchito mphindi 20. Amalume n'kumati ndi magetsi. Anaitana mnyamata wina wa satifiketi ya ma package, ya miyezi itatu ija, Word ndi Excel. Iye chomwe ankadziwa n'kufomata basi, kufufuta zonse n'kuikamo Windows mwatsopano. Anafomata osayamba wakopera mafayilo pena, ma CV onse a makasitomala n'kupita. Mawa lake yazimanso! Kenako kunabwera mtsikana wina wophunzira ku technical. Iye sanaiyatse n'komwe. Anamasula bokosi, n'kupeza fani ya purosesa yatsekeka ndi fumbi, fumbi lake lomatana ngati thonje chifukwa cha chinyontho cha kuno. Thermal paste, kaphala kothandiza kuchotsa kutentha pa purosesa, inali itauma gwa. Paja purosesa ikatentha mopitirira imadzizimitsa yokha kuti isapse, ndiye Windows inalibe mlandu. Anapemerera fumbi lija, kupukuta paste yakale, kuika yatsopano kadontho ngati njere ya mpunga, n'kumanganso. Yatha. Amalume mpaka lero akakhala pagulu amamutchulabe mtsikana uja.

Nde... ndimati chiyani? Eya. Iwe ukuopa kuti mnyamatayo akudziona wamkulu msinkhu pakati pa anzake a Fomu 4, ndiye akufuna kuthawira ku kompyuta asanalembe mayeso. Si choncho? Asasiye sukulu. Alembe kaye MSCE, alimbikire Masamu ndi Chingerezi, chifukwa TEVETA, bungwe loyang'anira maphunziro a ntchito zamanja, ikamalengeza malo a m'makoleji ngati Mzuzu Technical College imafuna pepala limenelo. Ngakhale atadzafuna kupita ku Mzuni, ku Luwinga uko, khomo lake ndi lomwelo.

Akalemba, ukamamufunira sukulu, usakopeke ndi chikwangwani. Uwauze akuonetse umboni woti analembetsa ku TEVETA, ufunsenso kuti mayeso ake amachokera ku bungwe liti. Ulowe m'labu uwerenge wekha makompyuta amene akuyaka... osati amene ali pa tebulo, amene akuyaka, kenako ufunse kuti m'kalasi muli ana angati. Anthu atatu pa kompyuta imodzi ndiye kuti awiri akungoonerera. Magetsi akazima amatani, ali ndi jenereta kapena sola? Nanga attachment, malo okaphunzirira pa ntchito, amakufunira ndi iwo? Ukapeza mpata ufunse mwana mmodzi wa pamenepo ngati anamangapo chingwe cha netiweki ndi manja ake. Wophunzira zenizeni akuuza kuti mu RJ45, kamutu ka kunsonga kwa chingwecho, mumalowa timawaya 8, tili ndi ndondomeko yake ya mitundu, ndipo chingwe chisapitirire mamita 100. Akangokuyang'ana, utuluke.

Msinkhu wake usakudetse nkhawa, ku technical kuli ena oti ali ndi mabanja kale. Ndiye ndalama ya laputopuyo usunge kaye, mwana amalize Fomu 4. Wamva, msuweni? Alembe kaye. Loweruka ubwere naye kuno ku Katoto, pali kompyuta yakufa pano, adzaimasule yekha tione manja ake.