Kodi uchi wachepa chifukwa cha amayi okumba chinaka?

Bambo wina woweta njuchi ku Tsangano wandilembera imelo yofunsa ngati n'zoona kuti maluwa a chinaka ali ndi shuga woposa maluwa ena onse. Akuti anzake akumuuza kuti uchi wachepa chifukwa amayi amaliza chinaka m'madambo, ndipo akufuna kukapempha amfumu kuti awaletse kukumba.

Bambo, funso lanu landikhudza, chifukwa ine sukulu ndinaphunzira ndi ndalama ya chinaka. Mvula ikasiya, mayi anga ankalawirira kudambo ndi kakhasu, n'kubwerako dzuwa lili paliwombo ndi dengu la tizinthu tozungulira todzaza matope, tomwe ankatsuka, kusinja mumtondo, n'kuphika ndi chidulo ndi nsinjiro mpaka chitalimba n'kumadulika ndi mpeni ngati chiwindi. Zidutswa zimenezo ankakagulitsa pamsika wa Ulongwe, ndipo makope anga ankachokera m'menemo. Choncho amayi otere asanaitanidwe kubwalo, tiyeni tione zomwe zili m'duwalo.

Chinaka ndi cha banja la ma orchid, lomwe lili ndi mitundu pafupifupi 28,000 padziko lonse, ndipo yomwe imakumbidwa kudera lathu lino yambiri ndi ya magulu a Disa, Satyrium ndi Habenaria. Timadzi totsekemera ta m'maluwa timakhala ndi mitundu itatu ya shuga: sucrose, yemwe ndi shuga wa nzimbe uja timathira mu tiyi, komanso glucose ndi fructose, omwe ndi magawo awiri amene sucrose amasanduka akasweka. Herbert Baker ndi mkazi wake Irene, a ku yunivesite ya California ku Berkeley, anayeza timadzi ta zomera zambirimbiri, ndipo anapeza kuti maluwa obisa timadzi pansi pa kachubu kakatali kawirikawiri amakhala ndi sucrose wochuluka, pomwe maluwa oyasama, amene ntchentche zimafikako mosavuta, amachulukira glucose ndi fructose. Ma orchid ambiri okhala ndi kachubu ali m'gulu loyambalo. Shuga wachilendo mulibe, ndipo timadzi ta maluwa odalira agulugufe a usiku nthawi zambiri timakhala tamadzimadzi poyerekeza ndi timene njuchi zimakonda.

Nkhani yaikulu ili pa malo omwe timadzito tabisika. Mukathyola duwa la Habenaria, lobiriwira moyererako, mudzaona kachubu kopyapyala kakulendewera kumbuyo kwake, ndipo mukakayang'anitsa padzuwa mudzaona timadzi tili kumapeto kwenikweni. La Satyrium lili ndi timachubu tiwiri. Lilime la njuchi yathu ndi lotalika pafupifupi mamilimita 6 basi, pomwe timachubu tina ta Habenaria timafika masentimita angapo, ndipo duwalo limanunkhira usiku njuchi zili mumng'oma. Ku Madagascar kuli orchid yotchedwa Angraecum sesquipedale ya kachubu ka masentimita pafupifupi 30, yomwe katswiri wa sayansi Charles Darwin ataiona mu 1862 ananeneratu kuti kuyenera kukhala gulugufe wa usiku wa lilime lotalika chimodzimodzi, ndipo gulugufeyo anadziwikadi mu 1903. Kuwonjezera apo, pafupifupi mtundu umodzi mwa mitundu itatu iliyonse ya ma orchid ulibe timadzi m'pang'ono pomwe: umangonyenga tizilombo ndi maonekedwe kapena fungo, tizilomboto n'kuchoka titasenza mungu popanda malipiro. Mitundu yambiri ya Disa ndi yotero.

Ine ndikunena mosapsatira kuti amene akuloza chala amayi a chinaka akuthawa mlandu wawo womwe. Uchi wa ku Angonia, Tsangano ndi Furancungo umachokera kwambiri ku mitengo ya m'nkhalango monga mombo, ku bulugama ndi ku maluwa a m'minda, ndipo mitengoyi ikutha ndi makala, zigafa za fodya ndi moto wolusa wa m'chilimwe. Nayonso ming'oma ya makungwa ili ndi mbali yake, chifukwa mng'oma uliwonse wotere umatanthauza mtengo wosendedwa umene uuma uli chilili. Komanso mtundu wa shuga amene njuchi yatenga sukhalitsa momwe unalili, pakuti njuchi imathiramo madzi a m'thupi mwake okhala ndi invertase, amene amaswa sucrose kukhala glucose ndi fructose, kenako imaumitsa madzi mpaka atatsala osakwana magawo 20 pa 100 alionse.

Nanga chinaka chikumbidwe chisawawa?

Ayi, pakuti wokumba amatenga kachikhawo kamene kakanaphuka chaka chamawa, ndiye kuti chomera chonse chafa, ndipo malonda opita ku Zambia achepetsa kale ma orchid m'madera ena, mpaka dziko la Tanzania linakhazikitsa malo otetezedwa a Kitulo mu 2005 makamaka chifukwa cha maluwa ake. Kwa amfumu pitani ndithu, Bambo, koma mukapemphe kuti mbali ina ya dambo izipuma chaka china, ndi kuti mitengo yozungulira ming'oma yanu isadulidwe kapena kutenthedwa.