Zimene zinandigwera ku Thondwe ndi thirakitala yozulira zitsa

Achimwene, musanatulutse ndalama yanu kugula thirakitala yaing'ono imene mukufuna kuti izikukumbirani ngalande ndi kukuzulirani zitsa za bulugamu, pitani kaye mukagwade pansi pake muone mmene mkono wokumbira uja, umene amati backhoe, waumangirira. Ine sindinagwade, ndipo mpaka lero ndikafika kumunda kwanga ku Thondwe mtima umandiwawa.

Ndinagula thirakitala yakale yochokera ku Japan, ya injini ya mphamvu ya 24 horsepower, kwa mkulu wina wogulitsa makina ku Limbe. Mkono wake unali wongokoleka pa zitsulo zitatu zakumbuyo zija zimene timakolekapo pulawo. Nditafunsa ngati zimenezo zingapirire zitsa, mkuluyo anandigwira paphewa n'kunditsimikizira kuti makinawo amazula ngakhale chitsa cha mango. Ngalande ya paipi yamadzi inakumbikadi bwino m'masiku awiri, ndipo ndinayamba kumukhulupirira.

Tsoka linafika mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nthaka itauma ngati njerwa. Tinali pa chitsa chachisanu, cha bulugamu amene anadulidwa kangapo n'kumaphukiranso, ndipo amene munalimapo mitengo imeneyi mukudziwa kuti chitsa chotero chimatambalala, mizu yake imakhala yaiwisi ndiponso yolimba. Mnyamata woyendetsa, mwana wa mlongo wanga, anakumba mbali zitatu, kenako analowetsa mano a baketi, chokumbira chakunsonga kwa mkono, pansi pa chitsa n'kuyamba kukoka. Ndinaona matayala akutsogolo akunyamuka pang'onopang'ono, ndinakuwa kuti asiye, koma mawu anga anamira m'phokoso la injini. Kunamveka kulira ngati mfuti. Chitsulo chapamwamba pa zitatu zija chinazuka pamodzi ndi mabawuti ake n'kung'amba bokosi la magiya, mkono wonse unapendekera kumpando, ndipo mafuta otentha anakhuthukira pa dothi lofiira lija. Mwanayo anadumpha n'kugwera m'dzenje limene anakumba yekha. Ndinamutulutsa akunjenjemera, mwendo utasupuka, ndipo chimene chinali m'mutu mwanga ndi chakuti ndikanakamuuza chiyani mlongo wanga chitsulocho chikanamupeza pamsana. Chitsa chija sichinasunthe n'komwe.

Wogulitsa uja anasiya kuyankha foni kwa masabata awiri. Nditamupeza pamaso anandiuza mosachita manyazi kuti ndinagwiritsa ntchito makinawo molakwika, munthu yemweyo amene ananena za mango! Ankadziwa kuti zipangizo za mtundu umenewo sizipezeka ku Blantyre kapena ku Lilongwe, ankadziwanso kuti zitsulo zitatu zija anazipangira kunyamula ndi kukoka pulawo, osati kulandira mphamvu ya mkono umene ukulimbana ndi mizu, koma anakhala chete chifukwa ankafuna ndalama yanga. Wowotcherera wina m'tauni muno mu Zomba anayesa kulumikiza bokosilo, koma chitsulo choumba chotero chimavuta kuwotcherera, ndipo linang'alukanso sabata isanathe. Mvula inagwa thirakitala ili pansi pa lona, ndipo theka la munda sindinabzale chaka chimenecho. Zitsa zotsalazo anazimaliza ndi anyamata aganyu a makasu ndi nkhwangwa, ndipo zikuluzikulu zisanu ndi chimodzi zinazulidwa tsiku limodzi lokha ndi makina aakulu okumbira a JCB 3CX amene ndinachita hayala. Makina amenewo amalemera pafupifupi matani 8, pamene wanga sankafika ndi matani 2 omwe. Pa chitsa chimene chimagwira ntchito ndi kulemera kwa makina, osati nambala ya horsepower imene ogulitsa amakonda kutchula.

Choncho ngati vuto lanu lalikulu ndi zitsa zokha, musagule, chitani hayala makina aakulu kamodzi nkhani ithe. Komabe sindingakunamizeni, nditapeza ndalama lero ndingagulenso yaing'ono, chifukwa ntchito ya ngalande, maziko a khola ndi dziwe la nsomba siitha, ndipo m'minda yathu yotsetsereka ya m'mphepete mwa phiri makina aakulu amavutika kulowa. Kusiyana kwake n'kwakuti ndingafune mkono womangiriridwa pa felemu yakeyake yodutsa pansi pa thirakitala, imene amati subframe, kuti mphamvu yonse isamathere pa bokosi la magiya. Mwachitsanzo, thirakitala ya Kubota BX23S imabwera ndi mkono wake kuchokera kufakitale ndipo imakumba pafupifupi mamita 1.8, koma ndi yopepuka kwambiri pa bulugamu wamkulu. Kubota L2501 yokhala ndi mkono wa BH77 imafika mamita 2.3 ndipo ndi yolemererapo. Mtundu uliwonse umene mungasankhe, ikhale yokoka ndi matayala onse anayi, ikhale ndi baketi yakutsogolo yoti muziitsamiritsa pansi pokumba, ndipo miyendo iwiri yakumbuyo yochirikiza makina pokumba izigwira nthaka mwamphamvu. Muyambe mwafunsa amakaniki athu kuno ku Zomba ngati amaidziwa, ndiponso ngati mapaipi a haidiroliki ndi mafyuluta ake amapezeka m'dziko muno, poti ndi vuto la ndalama zakunja limene tili nalo, kuitanitsa kachitsulo kamodzi kumatenga miyezi.

Pozula, gwiritsani ntchito baketi yopapatiza ya masentimita 30, kumbani mozungulira chitsa chonse motalikirako pang'ono, dulani mizu umodziumodzi ngakhale ndi nkhwangwa, ndipo muchigwedeze pokhapokha chitayamba kumasuka. Musachite zimenezi mu Okutobala ngati ine. Dikirani Epulo kapena Meyi, mvula itangosiya, nthaka ikadali yofewa koma matope atachepa. Ngati zitsa zanu zina ndi za paini, zisiyeni zaka ziwiri kapena zitatu, chifukwa paini saphukiranso ndipo mizu yake imayamba kuwola yokha. Ndipo pampando paja musaikepo mwana amene sanaphunzitsidwe ndi munthu wodziwa makinawa.