Kodi ndidzere ku ajensi kuti ndipeze ntchito yamagetsi ku Moatize?

Mnyamata wina wa ku Ulongwe wanditumizira imelo. Akuti anaphunzira zamagetsi ku IFPELAC, sukulu ya boma ya ntchito zamanja, ndipo wakhala akudyera maganyu oyala mawaya m'nyumba za anthu ku Angónia ndi ku Tsangano. Watopa ndi kulondola eni nyumba kuti amulipire, akufuna ntchito ya pamwezi. Wamva kuti ku Tete ndi ku Moatize makampani ambiri amalemba anthu kudzera m'maajensi, ndipo munthu wina pa WhatsApp wamuuza kuti atumize kangachepe pa M-Pesa kuti dzina lake likhale pamwamba. Akufunsa ngati atumize, komanso ngati maajensi amenewa ndi oti munthu n'kuwadalira.

Achimwene, ndalamayo musatumize. Ajensi yeniyeni imalipidwa ndi kampani imene ikusowa antchito, osati ndi inu amene mukusowa ntchito. Imakhala ndi ofesi yoti mungalowemo ndi miyendo yanu, ndiponso chilolezo cha boma, alvará ija, chimene nthawi zambiri amachipachika pakhoma poonekera. Munthu amene ofesi yake ndi nambala ya foni, amene akuti malo atsala awiri okha ndiye mutumize lero dzuwa lisanalowe, ameneyo ndi wakuba. Ngati dzina la ajensi likukukayikitsani, kafunseni ku INEP, ofesi ya boma yothandiza anthu ofuna ntchito, mumzinda wa Tete. Mukafika kumeneko mulembetsenso dzina lanu ngati munthu wofuna ntchito.

Kudzera ku ajensi ine sindikuletsani ayi. Pitani ndithu. Ku Moatize zinthu zinakhala choncho kuyambira pomwe Vale inayamba kukumba malasha mu 2011, ndipo sizinasinthe mgodiwo utagulitsidwa kwa Vulcan mu 2022. Mwini mgodi amapereka ntchito zambiri kwa makampani ena, makampaniwo nawonso amakatenga anthu ku maajensi. Mukapita ku Benga kumene kuli ICVL, kapena ku Chirodzi kwa Jindal, muyembekezere zofanana. Mukakhala pakhomo kudikira kuti kampani yaikulu ikuitaneni yokha, mudzamera imvi.

Koma musanasaine chilichonse, dziwani kuti bwana wanu ndi ndani. Apa m'pamene anyamata ambiri amagwera.

Maajensi amagwira m'njira ziwiri. Ina imangokusankhani, n'kukuperekani kwa kampani, ndipo kontrato mumasaina ndi kampaniyo. Zikatero ajensi yatsiriza mbali yake. Ina imakulembani yokha ntchito, kenaka n'kukubwereketsani kwa kampani kwa nthawi yakutiyakuti. Pa njira yachiwiriyi mudzavala chisoti m'bwalo la mgodi, wokutumani tsiku ndi tsiku adzakhala kapitawo wa kampani, koma pa pepala bwana wanu ndi ajensi. Malipiro akachedwa, kapitawo uja adzakuuzani kuti iye sizimukhudza, ndipo sadzakhala akunama. Zili ngati mbatatesi ya ku Tsangano: woidya ku Tete amalipira mtengo wina, mlimi amalandira wina, zapakatizo zimatsala ndi wa galimoto. Si kuba, ndi malonda ake, koma muzidziwa kuti ndalama imene kampani ikulipira pa mutu wanu si imene idzalowe ku akaunti yanu.

Choncho funsani, ndipo mayankho akhale olembedwa mu kontrato, osati apakamwa. Malipiro amene akutchulawo ndi asanadule kapena atadula? Maola oonjezera, ausiku ndi a Lamulungu amawawerenga bwanji? Nsapato, magolovesi ndi chisoti agule ndani? Munthu akakuuzani kuti zodzitetezera zimenezi, zimene amati EPI, mudzigulire nokha, mwaona kale mtundu wa malo amene mukulowa. Nkhani ya INSS, bungwe la boma losunga ndalama za penshoni ndi zothandiza wantchito akadwala, ndiye musaisiye m'malere. Lamulo limati 7 peresenti ya malipiro izipita kumeneko, 3 kuchokera kwa inu, 4 kuchokera kwa wokulembani. Alipo amene amadula 3 yanuyo mwezi ndi mwezi koma osaipereka, inu n'kudzazindikira mutadwala kapena mutakalamba. Pakatha miyezi ingapo, tengani nambala yanu mukaone ku INSS ngati ndalamazo zikufikadi. Chimodzimodzinso inshuwalansi ya ngozi za pantchito, imene wolemba ntchito amakakamizidwa kukhala nayo. Wamagetsi sangaitenge mwachibwana nkhani imeneyi. Funsani kuti mutapsa dzanja, akulipireni ndi ajensi kapena kampani, ndipo auzeni akuonetseni pamene zalembedwa. Lamulo la ntchito limene likugwira pano ndi Lei 13/2023, limene linalowa m'malo mwa la 2007. Zinthu zikavuta kuli Inspecção do Trabalho, ofesi ya boma yoyendera malo a ntchito, kulinso COMAL yoyanjanitsa milandu ya pantchito, koma konseko chimene adzayambe kukufunsani ndi kope la kontrato yanu. Musachoke mu ofesi ya ajensi mulibe kope lanu m'manja.

Tsopano ndinene chimene mwina simufuna kumva. Kuyala mawaya m'nyumba, kuika masoketi ndi kulumikiza bokosi loti EDM idzaikepo mita ya Credelec ndi luso ndithu, koma si limene migodi ikugula. Iwo amafuna electricista industrial, wamagetsi wa makina a m'mafakitale. Tsiku la mayeso sadzakufunsani zambiri. Adzakuikirani patebulo mota ya magawo atatu ya 380 V, makontakitala atatu, relé térmico yoteteza mota kuti isapse, temporizador yowerenga nthawi ndi pepala la chojambula, n'kukuuzani kuti mumange estrela-triângulo, njira yoyatsira mota yaikulu kuti isakoke magetsi ambiri poyamba. Woyesayo amayang'ana manja anu kuposa pakamwa panu: ngati mwayamba mwayeza kuti mulibe moto musanakhudze, ngati mukudziwa kugwiritsa ntchito megger, chida choyezera ngati zokutira mawaya sizikudutsitsa magetsi, ngati mawaya anu m'bokosi akuyenda mwadongosolo kapena apiringizana. Ena amalephera asanagwire n'komwe sikuludiraiva, chifukwa chosatseka magetsi ndi loko. M'makampani otere aliyense amakhala ndi loko wakewake wokhala ndi kachikwangwani ka dzina lake. Ukazimitsa switchi umakhoma loko wako pamenepo, kiyi n'kuika m'thumba, ndipo palibe woyatsa mpaka iwe mwini utabwera kudzachotsa. Amati bloqueio e etiquetagem. Ife a maganyu tinazolowera kungouza mwana wa pakhomo kuti asakhudze bokosi. Kumeneko chizolowezi chimenecho chimachotsetsa munthu ntchito tsiku lomwelo.

Ngati zinthu zimenezi munangoziona pa bolodi m'kalasi, musathamangire. Ku Ulongwe komweko kuli zigayo, ndipo chigayo chamagetsi chimayendera mota ya magawo atatu. Pezani mmisiri amene amakonza zigayo ndi mapampu, muziyenda naye ngakhale ndalama yake ikhale yochepa. Kapenanso lolani ajensi ikulembeni ngati ajudante, wothandizira mmisiri. Ndikudziwa kuti zimawawa munthu wa satifiketi kunyamulira mnzake bokosi la zida, koma miyezi imeneyo ndi imene imakulowetsani mu mndandanda wa anthu amene anagwirapo mumgodi, ndipo maajensi akafuna anthu mwamsanga amayambira kuimbira amenewo.

Za mapepala ndidutsepo msanga. BI yosatha ntchito, NUIT, registo criminal, chikalata cha kuchipatala, makope a masatifiketi odindidwa kwa notário, ndi CV yaifupi ya Chipwitikizi. Mu CV musangolemba kuti mumadziwa zamagetsi. Lembani chimene munamanga, mphamvu ya mota imene munakonza, ndi malo ake. Ambiri a kwathu kuno anaphunzirako tsidya linalo, ku Dedza kapena ku Ntcheu. Ngati muli m'gulu limenelo, Chingerezi chanucho musachibise, pakuti Vulcan, Jindal ndi ICVL eni ake ndi a ku India, ndipo mabuku a makina ambiri ndi a Chingerezi. Koma satifiketi ya ku Malawi iyambe yapezeredwa equivalência, chikalata choivomereza ku Mozambique, apo ayi wa pa ofesi adzangoikankhira pambali.

Musaike maso pa malasha okha. Ntchito ya kumeneko imakwera ndi kutsika potsata mtengo wa malasha kunja, ndipo zikavuta oyamba kuuzidwa kuti akapume ndi a maajensi. Ku Songo kuli HCB, kampani yoyendetsa damu la Cahora Bassa lopanga magetsi okwana 2,075 MW, ndipo nayonso ili ndi makampani oigwirira ntchito. Ku Matambo kuli siteshoni yaikulu ya magetsi. Mumzinda wa Tete muli fakitale ya fodya, mahotela ndi masitolo odzaza ndi mafiriji ndi zipangizo zoziziritsa m'zipinda, zimene ndi kutentha kwa kumeneko sizipuma. Wamagetsi wodziwanso za mafiriji ku Tete savutika kupeza chochita. Lembetsani ku maajensi angapo, ndipo muziona zolengeza pa emprego.co.mz ndi mu nyuzipepala ya Notícias.

Kusamuka musasamuke ndi lonjezo la pafoni. Chipinda ku Matundo kapena ku Chingodzi chimadya ndalama, ndipo munthu wozolowera mphepo ya ku Angónia, mwezi wa Okutobala ku Tete umamufooketsa asanayambe n'komwe ntchito. Kwerani chapa, mukasiye mapepala, mukayesedwe, mubwerere ku maganyu anu. Makasitomala anuwo musawataye, chifukwa ntchito zambiri za ku ajensi n'za miyezi yowerengeka, makamaka za paragem, pamene amaimitsa makina kuti awakonze. Kontrato ikatha, pemphani certificado de trabalho, chikalata chosonyeza ntchito imene munagwira, lamulo limakupatsani ufulu umenewo. Onetsetsani kuti alembapo masiku ndi udindo umene munagwiradi. Ngati munkamanga mabokosi a mamota koma iwo alemba ajudante, bwererani nacho chikalatacho akakonze inu musanakwere chapa ya ku Ulongwe.