"Agree" amadalira kamawu kotsatira

Achemwali, mwafunsa tanthauzo la mawu a Chingelezi akuti "agree". Mawuwa amatanthauza kuvomera kapena kugwirizana, koma tanthauzo lenileni limabwera ndi kamawu kotsatirako. Mukagwirizana ndi munthu kapena maganizo ake, ndi "agree with". Mukavomera pempho, monga eni nyumba ku Ndirande akati renti ikwera inu n'kulola, ndi "agree to". Mukanenerera matimati mumsika wa Limbe mpaka nonse awiri kumvana mtengo, pamenepo ndi "agree on".

Pochonga ntchito za ana a Fomu 4 ndinkatopa ndi "I am agree". Ayi ndithu! Mawuwa ndi mneni kale, sasowa "am". Ingonenani "I agree", ndipo zikakhala za dzulo, "I agreed".

Kenanso koseketsa: Mngelezi akati usipa "doesn't agree with me", sakukangana ndi nsomba ayi, akunena kuti umamuvuta m'mimba.

Koma ngati mwafunsa chifukwa cha fomu ya ngongole kapena pangano la nyumba, musathamangire kusaina. Pa pepala mawu amenewa amakumangani mwalamulo. Yambani mwaonana ndi loya, kapena a Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, kuno ku Blantyre.