Funsani Amisiri: Kupempha thandizo pagulu la WhatsApp

Akonzi, ndili ndi Toyota Vitz imene ndimayendetsa ngati takisi. Masabata awiri apitawa inayamba kunjenjemera ndikaima pa maloboti. Ndinalemba pagulu la amakaniko kuti, "Mabwana, Vitz yanga ikunjenjemera, thandizeni." Tsiku lonse kunali zii. Madzulo wina anangoti, "Ife si asing'anga." Kodi kufunsa ndi mlandu?
*Woyendetsa takisi, Lilongwe*

Si mlandu ayi, bambo, ndipo anakuyankhaniwo akanatha kufewetsa lilime. Komabe m'mawu awo okhadzulawo muli choonadi. Funso lanu linalibe pogwira. Makaniko amene ali pansi pa galimoto, manja ali bii ndi girizi, akasuzumira pa foni amasankha funso loti angayankhe kamodzi n'kubwerera ku ntchito. Lanulo likanafuna kuti akufunseni mafunso asanu ndi limodzi asananene kanthu, ndiye analidumpha.

Yambani ndi dzina lenileni la galimoto. Vitz zilipo zingapo. Yang'anani zilembo zoyambirira za nambala ya chassis, pa kachitsulo kali pa galimotoyo kapena m'mapepala ake. Zikakhala KSP90 kapena KSP130, injini yake ndi 1KR-FE ya masilinda atatu. SCP90 ndi 2SZ-FE ya 1.3, NCP91 ndi 1NZ-FE ya 1.5, zonsezi za masilinda anayi. Zimenezi si zokometsera funso. Injini ya masilinda atatu imanjenjemerako pang'ono mwachibadwa ikaima, ndiye makaniko akamva KSP90 amaganiza mosiyana ndi akamva NCP91.

Kenako nenani makilomita amene yayenda, nthawi imene vutolo limabwera, ndi zimene mwasintha kale. Imanjenjemera m'mawa injini ili yozizira kapena ikatentha? Giya ikakhala pa D phazi lili pa buleki, kapena ndi pa N pomwe? Nyali ya check engine yayaka? Ngati yayaka, lipirani kangachepe kwa amene ali ndi makina oyezera, ndipo mulembe nambala yeniyeni imene yatuluka. Musangoti "kompyuta yati misfire." P0301 ikutanthauza kuti silinda yoyamba sikuwotcha bwino mafuta, P0302 yachiwiri, P0300 ndiye kuti vutolo likudumphadumpha. Ndi nambala ngati P0302, wina akuuzani nthawi yomweyo kuti musinthanitse koyilo (kachida kopereka moto ku pulagi) ya silinda yachiwiri ndi ya yoyamba, mufufute nambalayo, muyendeko pang'ono n'kuyezanso. Ikasanduka P0301, koyiloyo ndiyo yafa. Ikakhala pomwepo, mukayang'ane pulagi, injekita kapena mphamvu ya mpweya mu silindayo. Mwapulumutsa ndalama zogulira makoyilo atatu pamene yoipa ndi imodzi.

Nyali ikakhala yosayaka, ndipo kunjenjemerako kumachepa mukaika pa N, ambiri ayamba kukayikira marabala ogwiriza injini kapena litsiro la mu throttle body, polowera mpweya wopita mu injini.

Funso lomwelo likanalembedwa chonchi: "Akuluakulu, mwaswera bwanji. Vitz KSP90, yayenda makilomita 180,000. Ikunjenjemera ikatentha, pa D nditaponda buleki, pa N imachepa. Check engine sinayake. Mapulagi ndinasintha mwezi watha. Kavidiyo ndi aka. Ndiyambire pati?" Kavidiyoko kakhale ka masekondi 20 kapena 30, wailesi itazimitsidwa, boneti itatsekulidwa. Nambala ya galimoto ndi manambala omalizira a chassis muziwabisa, gulu silikuwafuna.

Kwathu tinaphunzitsidwa kuyamba ndi moni. Ndikalowa pagulu ndimalemba kuti "Muli bwanji nonse" n'kudikira kuti andiyankhe ndisananene vuto langa. Ena akuti ndikuwatayitsa nthawi. Tisiye ulemu chifukwa cha mafoni?
*Mayi wosoka zovala, Zomba*

Musausiye, mayi, koma moni ndi funso ziyendere limodzi mu uthenga umodzi. Pakhomo pa munthu mumaodira n'kudikira chifukwa mwininyumba ndi mmodzi. Gulu la WhatsApp limatha kukhala ndi anthu okwana 1,024. Aliyense akati "tili bwino, kaya inu," mafoni alira tsiku lonse ndipo funso la mnzanu amene makina ake aduka shatulo likwiririka.

Uthenga wa mawu ndi wina wovuta. Wa mphindi zisanu anthu ambiri sautsekula: ali pa phokoso la msika, bandulo ili pafupi kutha, ndipo mawa lake sungafufuzike ngati mmene zolemba zimafufuzikira. Ngati kulemba kumakuvutani, jambulani mawu osapitirira mphindi imodzi, ndipo pamwamba pake mulembepo mzere umodzi wonena nkhani yake, monga "Makina a Singer akudumpha masitichi pa nsalu yotanuka." Odziwa aona msanga kuti nkhani ndi ya singano, ndipo akufunsani nambala yake.

Chimene chimakwiyitsa amisiri koposa ndi kuwatsatira ku inbox usiku popanda kupempha. Munthu akakuyankhani pagulu sanakhale wantchito wanu. Funsani kaye pagulu pomwepo kuti, "Ndingakupezeni kumbali?"

Ndine wamagetsi wa zaka zambiri pantchito ndipo ndimayang'anira gulu la oika sola. Sabata iliyonse pamabwera munthu wofunsa kuti batire ya 100Ah ingayendetse zinthu zingati. Ndatopa. Anyamata ena ayamba kuwanyoza ofunsawo, ndipo kunena zoona nthawi zina ndimawamvetsa. Nditani?
*Adimini wa gulu, Blantyre*

Inu mwalimva funsolo kambirimbiri, koma wofunsayo akulifunsa koyamba. Paja safunsa anadya phula, ndipo pa sola phulalo ndi batire ya ndalama zambiri yofa pakatha miyezi inayi. Munthu wonyozedwa pagulu safunsanso. Amakalumikiza yekha mmene akuganizira, ndipo zikapsa dzina loipa limagwera onse oika sola.

Kutopa kwanu kuli ndi mankhwala. Lembani yankho limodzi labwino, mulikhomere pamwamba pa gulu. WhatsApp imalola kukhomera uthenga kwa maola 24, masiku 7 kapena masiku 30, ndiye mwezi ukatha muzilikhomeranso. Yankholo lisakhale lalitali. Batire ya 12V ya 100Ah imasunga 1,200Wh, kutanthauza mawati 1,200 kwa ola limodzi. Ikakhala ya asidi kapena ya gel, yogwiritsa ntchito ndi theka lokha, 600Wh, chifukwa kuikhuthula mpaka pansi tsiku ndi tsiku kumaipha msanga. TV ya 60W ndi mababu anayi a 5W ndi 80W pamodzi. Gawani 600 ndi 80, mupeza maola asanu ndi awiri ndi theka, ndipo inverter (chida chosintha magetsi a batire kukhala a m'nyumba) ikadyapo gawo lake muyembekeze maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Ayironi kapena ketulo, zimene zimakoka 1,000W kapena kuposa, zisayandikireko. Wofunsa watsopano muzingomulozera kumeneko ndi mawu awiri aulemu, n'kumuuza kuti akawerenga abwere ndi mawati a zinthu zake, kukula kwa panelo ndi mtundu wa batire.

Koma kulolerana kuli ndi malire ake, ndipo magulu ambiri amaika malirewo pamalo olakwika. Amakalipira wofunsa funso lachibwana, n'kumulekerera woyankha zabodza chifukwa ndi wamkulu kapena ndi mnzawo. Funso lachibwana silipha munthu. Yankho loipa limapha. Wina akalemba kuti breaker (switchi yodula magetsi akachuluka) ikamagwaigwa ingoikani yaikulu, mutsutseni pomwepo pagulu, osati kumbali, chifukwa anthu mazana awerenga kale. Waya wa 1.5mm² wa magetsi owunikira umatetezedwa ndi breaker ya 6A kapena 10A. Mukauika pa 32A, wayayo utentha mkati mwa denga breaker ili chete. Chimodzimodzi amene amalangiza kulowetsa jenereta kapena inverter m'nyumba kudzera pa soketi popanda changeover switch, switchi yolekanitsa nyumba ku mawaya a ESCOM. Magetsiwo amabwerera ku mawaya a ESCOM, thiransifoma n'kuwakweza kuchoka pa 230V kufika pa 11,000V, pamene wantchito ali pa polo akudziwa kuti laini ndi yozimitsidwa. Uthenga wotere ufufuteni, ndipo mufotokoze chifukwa chake.

Potsutsa, gwirani mfundo, munthuyo mumusiye. "Akulu, pamenepa pali ngozi, 1.5mm² singanyamule 32A" ndi zokwanira. Mawu oti "munaphunzira kuti inu?" amangoyambitsa mkangano wa mapepala a sukulu, funso loyamba lija n'kuiwalika. Ndipo pakabwera nkhani ya waya wa m'nyumba yonse, yankho loona ndi lakuti ntchitoyo imafuna munthu wa chilolezo cha MERA, bungwe loyang'anira za magetsi, afike pamalopo. Chithunzi cha pa foni sichionetsa ngati earth (waya wotayira magetsi m'nthaka) ili bwino.

Ndinatumiza ndalama pa foni kwa munthu amene ndinamudziwira pagulu kuti anditumizire alternator. Patha mwezi, foni sayankha. Ndikufuna kuika chithunzi chake pagulupo kuti onse amudziwe kuti ndi wakuba. Komanso pali wina amene anandithandiza pa vidiyo kwa ola lathunthu mpaka galimoto inalira. Ameneyu ndimulipire?
*Wowerenga, Mzuzu*

Pa nkhani yoyambayo, dekhani pang'ono, achimwene. Sungani uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba umene uli ndi nambala ya kutumizako, tsiku ndi dzina la wolandira. Jambulani zokambirana zanu zonse asanazifufute. Zimenezi mupite nazo kwa adimini, amene angamufunse munthuyo ndi kumuchotsa pagulu, kenako kupolisi. Kuika nkhope ya munthu pagulu ndi mawu oti "wakuba" kungakutembenukireni: akhoza kukusumirani kuti mwamuipitsira mbiri, ndipo dziko lino lili ndi lamulo la mu 2016 loona za zochitika pa intaneti limene limaletsa kuzunza anthu kudzera m'mauthenga. Nthawi zina nambala imene munatumizako ndalama imakhala yolembetsedwa m'dzina la munthu wina wosadziwa kanthu, ndipo chithunzi chili pa WhatsApp chimakhala chobedwa. Ngati mukufuna kuchenjeza anzanu, lembani zochitika zokha: tsiku limene munalipira, ndalama zake, ndi kuti katundu sanafike. Ulendo wina, pa sipeya ya galimoto pemphani chithunzi cha nambala ya pa chitsulocho pambali pa kapepala kolembedwa tsiku la lero, ndipo ngati n'kotheka wachibale wanu akaione ndi maso musanalipire.

Wachiwiriyo mulipireni. Yankho la mizere iwiri pagulu ndi laulere, koma ola lathunthu pa vidiyo ndi nthawi imene akanakonza galimoto ya kasitomala wake, ndi bandulo yake yomwe. Musamufunse kuti "ndi zingati," chifukwa ambiri amachita manyazi n'kuti zisiyeni. Tumizani zimene mungathe, munene kuti ndi za mayunitsi.

Kenako bwererani pagulu, mugwire funso lanu lija n'kuyankhapo kuti vuto linali chiyani ndipo chinathandiza n'chiyani, mwachitsanzo, "Zikomo akuluakulu, unali waya wa earth wa ku batire, unachita dzimbiri. Tapala, tamanga, yalira." Anthu asanu anakupatsani maganizo asanu osiyana, ndipo mukapanda kunena, palibe amene adziwe kuti olondola anali ati.