Mwana wa mlongo wako akubwera ku Joni: tamva za Abusa Hanock Phiri

"Agogo, mwana wa mlongo wanga waimba foni kuti wakwera kale basi ku Lilongwe, akubwera kuno. Ine ndimakhala m'chipinda chimodzi ku Rosettenville ndi mkazi wanga ndi khanda, lendi yokha ikundipinda msana. Bambo ake alipo, ali moyo. Kodi ndi udindo wanga kumulandira?" Wafunsa choncho ndi mnyamata wina wa ku Kasungu amene timapemphera limodzi, ndipo ndikudziwa kuti ambiri muli ndi funso lomwelo, kungoti mumachita manyazi kulitulutsa.

Mdzukulu wanga, pita ku Park Station ukamuchingamire. Kwathu kwa Achewa mwana wa mlongo wako ndi mbumba yako. Bambo ake anabereka, inde, koma akadwala, akalakwa, akafuna kukwatira, amene amafunsidwa ndiwe malume. Kuwoloka Limpopo sikunakuvule udindo umenewo.

Poti ndiwe wa ku Kasungu, uyenera kudziwa dzina la Abusa Hanock Msokera Phiri. Anabadwa m'chaka cha 1884, anaphunzira ku Livingstonia kwa amishoni a ku Scotland, nakhala mphunzitsi. Monga amuna ambiri a nthawi imeneyo, pamene msonkho wa atsamunda unkathamangitsa anthu m'midzi, iwonso anatsika kumwera kukafuna ntchito. Ku Southern Rhodesia, m'tauni ya Hartley imene lero ndi Chegutu, anakhala pamodzi ndi mnyamata wa mbumba yawo amene anachoka kwawo wapansi n'kumagwira ntchito pachipatala. Mnyamatayo anali wa kwa Banda, koma mayi ake anali a kwa Phiri. Dzina lake Kamuzu.

Apa ndi pamene ndikufuna utchere khutu. Hanock analibe nyumba yakeyake, analibe chuma, nayenso anali mlendo wongoyendera ntchito. Sanamuuze mwanayo kuti bwerera kwa bambo ako. M'chaka cha 1917 ananyamukira limodzi kudza kuno ku South Africa, nayamba kugwira ntchito pa mgodi wa malasha ku Dundee, ku Natal. Pambuyo pake ulendo unafika kuno ku Rand, dera la migodi ya golide lozungulira Joni, ndipo Kamuzu anagwira zaka zingapo pa mgodi wa Witwatersrand Deep, kufupi ndi Boksburg. Ukakwera minibasi yopita chakum'mawa, milu ya dothi lachikasu imene umaiona m'mbali mwa msewu ndi zotsalira za migodi ya golide ngati umenewo. Ana ambiri amangoidutsa maso ali pafoni.

Kunoko ndi kumene anakumana ndi mpingo wa African Methodist Episcopal, AME, umene unayambitsidwa ndi anthu akuda ku Philadelphia m'chaka cha 1816, ndipo unakhazikika ku South Africa mu 1896 utalumikizana ndi mpingo wa Abusa Mangena Mokone. Kwa munthu amene anakulira m'manja mwa azungu a mishoni, kuona mpingo umene bishopu wake ndi wakuda sichinali chinthu chaching'ono. Hanock analowa, anadzozedwa ubusa, ndipo mu 1924 anabwerera ku Kasungu kukatsegula mpingo ndi sukulu pa Mdabwi. Chaka chotsatira, 1925, mothandizidwa ndi Bishopu Vernon wa mpingo womwewo, Kamuzu anakwera sitima ya pamadzi kupita ku America kukaphunzira ku Wilberforce. Za ulamuliro wake atabwerako aliyense ali ndi zonena zake, ena anasangalala ena analira, ndipo imeneyo ndi nkhani ya tsiku lina. Ine ndikunena za malume. Anthu amatchula wa mbumbayo, n'kuiwala mbusa amene anayenda naye. Komanso taona kuti Hanock sanatchone. Zimene anapeza kuno anakazitula kwawo.

Tsono kulandira mwana sikungomupatsa nsima basi. Uyambe wakhala pansi ndi mkazi wako lero lomwe, asamve basi itafika kale. Nyumbayo ndi yakenso, ndipo amene adzaonjezere ufa mumphika ndi iyeyo. Chachiwiri chimene sindingagonjere ndi ichi: mnyamata wamkulu sagona chipinda chimodzi ndi malume ake ndi akazi awo, ngakhale mutatchinga nsalu. Kumudzi akanapita kumphala. Kunonso mphala ilipo, anyamata akwathu amene amasonkherana lendi ku Turffontein kapena ku Mayfair. Kamupezere malo pakati pa anyamata amene ukuwadziwa khalidwe lawo, umulipirire mwezi woyamba ngati ungathe, azibwera kudzadya kwanu. Umuuze zoona za mapepala, kuti masiku amene amudindira mu pasipoti pa Beitbridge amatha, ndipo akatha mavuto ake ndi otani. Pasipoti yakeyo asunge yekha. Ndamvapo za amalume ena amene amalanda pasipoti ndi malipiro a mwana ati akubweza ndalama za basi. Zimenezo ndi zamanyazi, ndipo mbiri yake imakafika kumudzi iwe usanafike.

Lamulungu umutenge kutchalitchi, umuonetse kwa akuluakulu, umulembetse kubungwe lathu la maliro. Ntchito zambiri za m'munda, za m'sitolo ndi za ulonda zimapezeka pakhomo pa tchalitchi anthu akamacheza atatuluka.

Nawenso mnyamata amene uli m'basiwe, ngati mawuwa akupeza: akazi a malume ako usawatchule dzina, ndi mayi ako. Ukadya tsuka mbale. Ukalandira ndalama yoyamba, gula shuga ndi mafuta ukatule m'manja mwawo usanaganize za nsapato.

Madzulo ena, iwe malume, zimitsa TV umufotokozere mwanayo za kwanu: dzina la agogo ake aakazi, mayi wa agogowo, mudzi umene anachokera, amene anapita ku Wenela n'kubwerako ndi amene anatsalira konkuno. Mbiri ya Abusa Phiri tikuidziwa chifukwa inalembedwa. Ya kwanu ili m'mutu mwa mayi ako okalamba aja, choncho uwaimbire foni mwanayo ali pomwepo, afunse yekha, iwe uzilemba m'kope.